Kuseri kwa Migodi: Mbiri ndi Nthaka ya Dera la Ndola Rural

Mu msika wa Chisokone ku Kitwe mumapezeka milu ya matimati, kabichi, repu, impwa, mbatata ndi mtedza, mabotolo a uchi ndi matumba a makala, ndipo dzinja likafika mumadzazanso bowa ndi chimanga chachiwisi. Zina mwa zinthu zimenezi zimachokera kutali, ku Mkushi ndi kwina, koma zina zimachokera kufupi, m'midzi yozungulira mizinda yathuyi. Ambiri mwa ife timadziwa mtengo wa bokosi la matimati sabata ino, koma ndi ochepa amene angafotokoze za dziko limene linabala matimatiwo: nthaka yake, mitsinje yake, eni ake, ndi zimene lapitamo. Popeza ophunzira athu ambiri akamaliza maphunziro amakafuna malo m'dera lomweli, taona kuti ndi bwino tilidziwe tisanaponyemo khasu.

Boma limodzi limene linakhala maboma atatu

Akuluakulu akukumbukira dzina lakuti Ndola Rural. Linali boma lalikulu la kumidzi, lotambasuka kum'mwera ndi kumadzulo kwa mizinda ya migodi. Mu 1997 linagawidwa patatu, ndipo panabadwa maboma a Masaiti, Mpongwe ndi Lufwanyama. Masaiti ali kum'mwera kwa Ndola ndi Luanshya, ndipo msewu waukulu wopita ku Kapiri Mposhi umadutsa m'menemo. Mpongwe ali kum'mwera chakumadzulo. Munthu wochokera ku Luanshya amadzera ku Ibenga asanafike kumeneko. Lufwanyama, amene ndiye wamkulu pa maboma onse a chigawo cha Copperbelt, ali kumadzulo, m'njira yochokera ku Kalulushi kulowera ku Kasempa.

Maboma atatuwa ndiwo atenga mbali yaikulu ya malo a chigawo chonse, koma anthu ochuluka amakhala m'mizinda. Kalembera wa mu 2022 anapeza anthu opitirira 600,000 ku Kitwe, ndi enanso opitirira 600,000 ku Ndola. Onsewa amadya tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri amaphikira makala. Mbiri ya dera la kumidzili, tikaiyang'ana bwino, ndi mbiri ya zimene mizinda yakhala ikutengako: malo, mitengo, madzi, miyala ndi chakudya.

Mvula yambiri, nthaka yosuluka

Dera lonseli lili pamtunda wokwera mamita pafupifupi 1,200 kuchokera pa nyanja yaikulu, ndipo ndi lathyathyathya, lopanda mapiri aakulu. Akatswiri a zaulimi anagawa dziko la Zambia m'zigawo zitatu potsata mvula, ndipo ife tili m'chigawo chachitatu, kumene mvula imapitirira mamilimita 1,000 pa chaka. Imayamba mu November n'kusiya mu April. Mlimi wochokera ku Chipata kapena ku Petauke akaona mvula imeneyi ndi udzu wotalika amaganiza kuti wafika m'dziko la mwanaalirenji. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mvula yochuluka imene yakhala ikugwa kwa zaka zikwizikwi yatsukira pansi michere imene mbewu zimafuna, n'kusiya nthaka ya asidi wambiri. M'minda yambiri ya kumtunda, muyezo wa pH umatsika pansi pa 5. Zikatero mizu ya chimanga imapindika ndi kulephera kuzama, ndipo fosifolasi wa mu fetereza amamangika m'nthaka osafika ku mbewu. Mlimi amathira matumba ake onse, koma zokolola sizilingana ndi ndalama zimene walowetsa. Fetereza wa yuriya, akamathiridwa chaka ndi chaka popanda manyowa kapena laimu, amaonjezeranso asidi yemweyo.

Chodabwitsa n'chakuti mankhwala a nthenda imeneyi ali pansi pa mapazi athu. Mwala wa laimu ndi wochuluka ku Ndola ndi ku Masaiti. Kampani ya Ndola Lime inaukumba kwa zaka zambiri, ndipo fakitale ya simenti ya Dangote, imene inatsegulidwa mu 2015 m'dera la Mfumu Yaikulu Chiwala, inamangidwa pamenepo chifukwa cha mwala womwewo. Laimu wambiri amapita ku migodi ndi ku simenti, pamene minda yoyandikana nayo ikufa ndi asidi.

Nthaka si imodzi paliponse. Pali dothi lofiira lolemera limene linapangika pamwamba pa mwala wa laimu, monga la ku Mpongwe, ndipo ndilo labwino koposa. Pali dothi lamchenga lotuwa la m'nkhalango za miombo, limene limatopa msanga. Pali madambo a dothi lakuda, osunga chinyezi mpaka chilimwe, kumene kumachokera ndiwo zamasamba. Palinso zulu zikuluzikulu, zina zotalika kuposa nyumba, zimene dothi lake alimi amamwaza m'munda kuti nthaka ipezeko mphamvu.

Madzi onse a m'derali amathera mu mtsinje wa Kafue. Umayambira kufupi ndi malire a dziko la Congo, n'kudutsa pafupi ndi Chingola ndi Kitwe, kenako n'kukhotera kum'mwera chakumadzulo kulowera ku Mpongwe. Kafubu, amene amadutsa mu Ndola, pamodzi ndi Kafulafuta, Lufwanyama ndi Luswishi, onse amathira m'menemo. Motero chimene chatayidwa m'madzi kumtunda, kumene kuli migodi, chimafika kwa mlimi wa kumunsi. Tinaona zimenezi mu February 2025, pamene damu la zinyalala za mgodi wina ku Chambishi linaphulika, madzi a asidi n'kulowa mu Mwambashi ndi mu Kafue. Nsomba zinafa, minda ya m'mbali mwa mtsinje inapserera, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi kwa masiku angapo.

Eni nthaka ndi ulimi wao

Dziko lino ndi la Alamba, pamodzi ndi abale ao Alima a ku Mpongwe. Mbiri yao imanena kuti makolo ao anachokera kumpoto, ku maufumu a Aluba ndi Alunda a ku Congo. Monga Achewa, iwo amatsata mtundu wa kuchikazi, ndipo kale mwamuna akakwatira ankakakhala kwao kwa mkazi ndi kulimira apongozi. Ku Masaiti kuli mafumu Mushili, Chiwala ndi Nkambo. Ku Mpongwe kuli Ndubeni, Lesa, Kalunkumya, Machiya, Malembeka ndi Mwinuna. Ku Lufwanyama kuli Nkana, Shimukunami, Lumpuma, Shibuchinga, Fungulwe ndi Mukutuma. Dzina la mgodi wa Nkana ku Kitwe linachokera kwa mfumu ya Alamba imene dziko lake linafika pamenepo.

Chakudya chachikulu cha Alamba akale chinali mapira, osati chimanga. Ankagwetsa mitengo, kuunjika nthambi, kuzitentha mvula isanagwe, ndi kubzala paphulusa ndi m'milu yokwezedwa ndi khasu. Munda ukatopa patapita zaka zochepa ankausiya kuti ugone kwa zaka zambiri, nkhalango n'kumeranso, ndipo mudzi unkasamuka. Lero ena amaseka ulimi wotere nati unali wa umbuli. Ife amene timayeza nthaka tikudziwa kuti phulusa limachita ntchito yofanana ndi ya laimu: limachepetsa asidi ndi kubwezera michere. Makolo aja anapeza yankho la nthaka yao asanamve dzina lakuti pH. Koma yankho limenelo linkafuna chinthu chimodzi, ndicho malo aakulu kuti munda uliwonse upeze nthawi yopumula.

Zaka za m'ma 1800 zinali zowawa. Amalonda a Chiswahili ndi ena ochokera kum'mawa ankabwera kudzafuna minyanga ya njovu, mkuwa ndi akapolo, ndipo midzi yambiri inapasuka. Malo a mtengo wa mupapa umene ku Ndola amautcha Slave Tree ndi chikumbutso cha malonda amenewo. Atsamunda atafika, John Edward Stephenson, amene anthu ankamutcha Chirupula, anakhazikitsa boma la Ndola mu 1904. Chaka chotsatira, mu 1905, amishonale a Nyasa Industrial Mission ochokera ku Nyasaland anatsegula mishoni pa Kafulafuta. Kumeneko ndiko kunagwira ntchito Clement Doke kuyambira mu 1914. Iye anamasulira Chipangano Chatsopano m'Chilamba, ndipo mu 1931 anasindikiza buku lofotokoza moyo ndi miyambo ya Alamba, limene likuwerengedwabe ndi ofufuza mbiri.

Njanji, mkuwa ndi kusamutsidwa

Mu 1902 William Collier anapeza mkuwa pa malo amene lero pali Luanshya, atawombera mpherembe imene inapereka dzina la mgodi wa Roan Antelope. Njanji inafika ku Ndola mu 1909. Migodi ikuluikulu inayamba kukumbidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, ndipo anthu anakhamukira kuno kuchokera ku Luapula, ku Kasama, ku Fort Jameson, ku Nyasaland ndi kwina. Ambiri mwa ife olankhula Chinyanja m'chigawo chino ndife zidzukulu za amene anabwera m'masiku amenewo.

Kwa eni nthaka, migodi inabweretsa chinthu china. Lamulo la mu 1928 linagawa malo a m'mbali mwa njanji pawiri: malo a boma la atsamunda, osungidwira migodi ndi mafamu a azungu, ndi malo opatulidwira anthu akuda, otchedwa Native Reserves. Midzi ya Alamba inachotsedwa kufupi ndi njanji n'kukankhidwira ku malo opatulidwawo. Anthu amene ulimi wao unkadalira malo aakulu anapanikizidwa pa malo ochepa. Minda inayamba kulimidwanso isanapumule, mitengo inadulidwa isanakule, ndipo zokolola zinatsika, pamene mbali yaikulu ya malo olandidwa aja inangokhala thengo, yopanda woilima.

M'zaka za m'ma 1940 zinthu zinafika poipa kotero kuti boma lomwelo linayamba kubweza anthu ena ku malo amene linawachotsako, ndipo mu 1947 linakhazikitsa gawo lina la malo lotchedwa Native Trust Land. Mmodzi mwa akatswiri a zaulimi amene anafufuza vutoli, William Allan, anasonyeza kuti mtundu uliwonse wa nthaka, pa ulimi uliwonse, uli ndi chiwerengero cha anthu chimene ungadyetse osaonongeka, ndipo chiwerengerocho chikapitirira, nthaka imayamba kufa. Asanatero, Colin Trapnell ndi mnzake Neil Clothier anali atayenda m'dziko lino akulemba za nthaka, zomera ndi ulimi wa anthu, ndipo lipoti lao linatuluka mu 1937. Zambiri zimene analemba anaziphunzira kwa alimi a m'midzi, amene ankazindikira nthaka poyang'ana mitengo ndi udzu zomera pamenepo. Malo a udzu wautali ndi mitengo yotalikirana, amene kuno amawatcha chipya, ankadziwika kuti ndi a chonde. Nkhalango ya miombo yaifupi pa dothi lotuwa inkadziwika kuti siichedwa kutopa.

Nkhalango nayo inalipira mtengo wa mkuwa. Migodi inkafuna mitengo yochirikizira makwawa a pansi, ndipo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, pamene malasha ochokera ku Wankie ankaperewera, inatentha nkhuni zosawerengeka. Minda ya paini ndi bulugamu imene tikuiona lero kufupi ndi Ndola, Kitwe ndi Kalulushi, yoyang'aniridwa ndi ZAFFICO, inabzalidwa kuti ilowe m'malo mwa mitengo yachilengedwe pa ntchito za matabwa.

Mpongwe ndi madzi a pansi pa nthaka

Kumene kuli mwala wa laimu, madzi a mvula amausungunula pang'onopang'ono n'kupanga mapanga pansi pa nthaka. Denga la phanga likagwa, pamatsala dziwe lozama la makoma oongoka. Umu ndi mmene anapangikira nyanja zazing'ono za Chilengwa kufupi ndi Ndola, ndi Kashiba ndi Nampamba ku Mpongwe. Kashiba ndi yaing'ono m'lifupi, koma m'mphepete mwake mokha ndi mozama pafupifupi mamita 100. Alamba ali ndi nthano yonena za anthu a mfunda wa Mbuzi amene, atakwiya pa mkangano wa ufumu, anamangana chingwe chimodzi n'kudziponya onse m'madzi amenewo.

Kwa mlimi, maiwe amenewa ndi chizindikiro chakuti pansi pali madzi ochuluka. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, boma mothandizidwa ndi maiko a ku Ulaya linayambitsa ulimi waukulu ku Mpongwe, ndipo pambuyo pake bungwe la ku Britain la Commonwealth Development Corporation linalowamo. Madzi opopedwa ku Nampamba anathirira tirigu m'nyengo yozizira, soya ndi chimanga n'kumalimidwa m'dzinja, ndipo kwa nthawi ina kunalinso khofi. Mu 2011 mafamuwa anagulidwa ndi kampani ya Zambeef. Phunziro lake kwa ife si lakuti aliyense agule makina othirira ozungulira. N'lakuti amene anasankha malowo anayamba ayeza nthaka ndi madzi, ndipo mpaka lero amathira laimu ndi kusinthanitsa mbewu. Zinthu ziwiri zotsirizazi mlimi wa mahekitala awiri angathenso kuzichita.

Ku Lufwanyama chuma cha pansi ndi china. M'dera la Kafubu mumakumbidwa miyala yobiriwira ya emerald, ndipo mgodi wa Kagem ndi umodzi mwa migodi ikuluikulu ya miyala imeneyi pa dziko lonse. Komabe mabanja ambiri a m'bomalo amadalira khasu, nkhwangwa ndi ming'oma ya njuchi, ndipo misewu yambiri ya kumidzi imavuta m'dzinja. Mlimi wofuna kulima matimati kumeneko ayenera kuwerengera msewu asanawerengere mbewu.

Obwera atsopano ndi funso la malo

Migodi itayamba kugulitsidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, anthu zikwi zambiri anachotsedwa ntchito. Ku Luanshya mgodi unaima mu 2000, ndipo mzinda unazizira. Ambiri mwa ochotsedwawo sanabwerere kwao kwa makolo ao, popeza anabadwira kuno; anapita kwa mafumu a ku Masaiti, Mpongwe ndi Lufwanyama kukapempha malo. Ena anakhala alimi enieni. Ena, posowa ndalama za mbewu ndi fetereza, anayamba ndi kuotcha makala, chifukwa mtengo suyembekeza mvula ndipo msika wake suuma. Chilala cha mu 2024 chitachepetsa madzi ku Kariba, magetsi anazimazima kwa maola ambiri, ndipo makala anafunidwa koposa kale.

Sitikuweruza munthu amene akuotcha makala kuti ana adye. Tingonena zimene nkhalango imatenga popita. Imatenga bowa, masuku, uchi ndi finkubala, zimene amai amagulitsa popanda kugula fetereza. Imatenga masamba amene ankagwa ndi kudyetsa nthaka. Imatenganso madzi a m'dambo, pakuti mvula yogwa pamtunda wopanda mitengo imathamanga m'malo molowa pansi, ndipo chitsime chimene chinkafika October chimauma mu August. Zimene zinachitikira Alamba m'malo opatulidwa aja chifukwa cha lamulo la atsamunda zingathe kuchitikanso lero chifukwa cha nkhwangwa zathu.

Pa nkhani ya malo, tikumbukire kuti mbali yaikulu ya maboma atatuwa ndi malo a mafumu. Lamulo la malo la mu 1995 limalola kuti malo otere asandulike a lizi ya zaka 99, koma pokhapokha mfumu ndi khonsolo atavomereza, ndiponso anthu amene akukhudzidwa atafunsidwa. Palinso nkhalango zotetezedwa ndi boma, zimene munthu sangakugulitseni ngakhale atakupatsani kalata yodindidwa. Wopatsidwa malo ayende m'malire ake pamodzi ndi nyakwawa ndi oyandikana nawo, afunse amene ankalima pamenepo kale, afunsenso ngati pali manda kapena njira ya ku madzi. Safunsa anadya phula. Ndipo ife obwera tisaiwale kuti anthu amene akutilandira analandidwapo kale dziko lao kamodzi. Ulemu wathu kwa iwo usathere pa tsiku lolandira malo.

Kudziwa dera lako

Ku America dziko linagawidwa m'maboma aang'ono otchedwa county. Kuyambira mu 1899 boma la kumeneko lakhala likuyeza nthaka ndi kusindikiza mapu ake dera ndi dera, ndipo lamulo la mu 1914 linakhazikitsa ntchito ya alangizi a zaulimi m'maboma amenewo. Mlimi wofuna kugula munda amatha kuona mtundu wa dothi lake asanalipire. Ngakhale zinali choncho, m'zaka za m'ma 1930 alimi a m'zigwa zouma za pakati pa dzikolo, amene anagaula udzu wachilengedwe mosaganizira nyengo ya dera lao, anaona dothi lao likuuluzika ndi mphepo, ndipo mabanja ambiri anasiya minda. Nthaka siiopa dziko lolemera. Imalanga aliyense woilima mosaidziwa.

Ife tilibe buku lotere la mudzi uliwonse, koma tili ndi zitsime zitatu za nzeru: okalamba a m'midzi, alangizi a zaulimi a m'makampu, ndi malo oyezera nthaka. Tsono tikupempha wophunzira aliyense, wa chaka chino ndi wakale yemwe, kuti atenge kope n'kulembamo mbiri ya munda wake. Alembe mitengo ndi udzu zimene zinalipo asanagwetse, mtundu wa dothi kumtunda ndi kudambo, chaka chimene munda unatsegulidwa, ndi mbewu zimene zalimidwapo. Alembe mwezi umene chitsime chimauma, mtsinje umene madzi ake amathera, ndi chimene chili kumtunda kwa mtsinjewo. Atenge dothi m'malo angapo a munda, alisakanize, akaliyezetse. Ndipo ngati asidi wachuluka, athire laimu miyezi ingapo mvula isanayambe, ngakhale pa gawo limodzi lokha chaka chino, kuti aone kusiyana ndi maso ake. Asinthanitse chimanga ndi soya, nyemba kapena mtedza, asatenthe mapesi, ndipo asiye mitengo m'mbali mwa dambo ndi m'malire a munda.

Amene muli kale ku Masaiti, Mpongwe ndi Lufwanyama, titumizireni zimene mwalemba, pamodzi ndi maina a Chilamba a mitengo ndi nthaka amene mwaphunzira kwa eni dera. Tidzazisonkhanitsa ndi kuzigwiritsa ntchito m'kalasi, kuti amene akubwera pambuyo panu akafike kumeneko akudziwa kale kumene akuponda.